Kudzutsa Hilux yakale ya dizilo: mafunso ndi mayankho

Galimoto yomwe ndikuitchula m'nkhani ino ndi Toyota Hilux ya 1994, mtundu wa LN106, ya injini ya 3L. Ndinaipeza itakhala zaka 4 pansi pa mtengo wa mango, matayala onse ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Panapita miyezi 14 kuti iyambenso kuyenda mondikhutiritsa, ndipo chiyambireni anthu amandiimitsa pamsika, pamaliro ngakhale pamzere wa mafuta kundifunsa za iyo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera kawirikawiri. Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito pa Isuzu KB, Nissan Hardbody ya TD27 ndi Mitsubishi L200 ya 4D56, koma manambala omwe ndatchula ndi a Toyota.

Achimwene, munthu n'kutayiranji ndalama pa galimoto ya zaka 30 pomwe zilipo zatsopanoko?

Yankho lagona pa injini. Banja la injini za L lili ndi 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0. Buloko ndi hedi zonse n'zachitsulo cholimba, pampu yake ya dizilo imayendetsedwa ndi lamba, ndipo pa 3L mulibe kompyuta. Injini ikalira, magetsi omwe imafuna ndi a kawaya kamodzi kopita ku solenoid, kachipangizo kotsegulira dizilo pa pampu, basi. Ikakuvutani ku Chitipa kapena ku Nsanje, makaniko wapomwepo amaidziwa, ndipo sipanala, jeke ndi nyundo zimakwanira kukufikitsani kunyumba.

Ma Hilux omwe anayamba kubwera cha m'ma 2005, a injini za D-4D, ndi amphamvu komanso ofewa kuyendetsa, koma ma injekita ake sakhululuka akamwa dizilo wamadzi kapena wafumbi, ndipo mtengo wa anayi okha umaliza munthu.

Komabe ndisakunamizeni. 3L mphamvu zake ndi mahatchi pafupifupi 90 okha. Pachitunda imakwera mwaulemu, imasokosa, ndipo LN106 ili ndi masipuling'i a masamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kotero pamsewu wa mabampu msana umamva. Ilibe ma airbag, ilibe ABS. Ngati ntchito yanu ndi kuthamanga pakati pa Lilongwe ndi Blantyre sabata iliyonse muli ndi ana m'kati, si galimoto yanu. Ndi ya munthu wonyamula feteleza, chimanga, mabelo a fodya, wodwala usiku ndi bokosi la maliro m'misewu yomwe galimoto zina zimabwerera panjira.

Ndaona ina ikugulitsidwa. Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

Yambani ndi mapepala, galimotoyo muione pambuyo. Nambala ya chesisi yomwe ili mu blue book ifanane ndi yomwe inadindidwa pachitsulo cha chesisi kufupi ndi tayala lakutsogolo, ndipo nambala ya injini ifanane ndi ya pabuloko. Pukutani ndi kansalu ka dizilo muwerenge nokha chilembo ndi chilembo. Pamalo pa nambala pakaoneka kuti panadutsa chopalira kapena panawotchereredwa, tsanzikani. Funsaninso ngati wogulitsayo ndi mwini wake weniweni, chifukwa galimoto zambiri zakale n'zachuma chamasiye, ndipo mutha kulipira mwana mmodzi kenako achibale asanu n'kukupezani pakhomo.

Mukatero valani zovala zogwirira ntchito, mulowe kunsi ndi tochi ndi kanyundo. Chesisi cha Hilux n'chamabokosi, ndiye matope amalowa m'kati n'kumadya chitsulo mwakachetechete kunja kukuoneka bwino. Gogodani paliponse, makamaka pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo ndi pafupi ndi thanki. Chitsulo chamoyo chimalira ngwe, chowola chimalira ngati mwamenya katoni. Chesisi chopindika kapena cholumikizidwa pakati musachigule ngakhale atakutsitsirani mtengo bwanji. Injini imasinthidwa, zitseko zimapezeka, koma chesisi ndiye galimotoyo. Pa galimoto zochokera ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi kuchigwa cha Shire, kwezaninso kapeti ndi kusuzumira kuseri kwa dashibodi. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anamiza galimoto zambiri, ndipo matope ouma m'malo obisika amaulula zimenezo.

Injini muyipeze yozizira. Pitani m'mawa osanena ola, mugwire nokha ndi dzanja. Wogulitsa akaitenthetseratu, pali chomwe akubisa. Yabwino imalira mutangodikira ma hita, timapulagi totenthetsa m'masilinda, masekondi ochepa. Ikulira choncho, masulani chivindikiro cha oyilo muchisiye pakamwa pake: kugwedezeka pang'ono si vuto, koma chikamadumpha utsi uli tolotolo, maring'i atha. Tsegulaninso redieta injini isanatenthe muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, chomwe ndi chizindikiro cha gasiketi yopsa kapena hedi yong'aluka.

Penti wonyezimira asakukopeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yendetsani kamaginito pazitseko ndi pamapiko. Pomwe sikakugwira ndi pomwe anamata phala.

Yakhala zaka osayenda. Ndingoika batire n'kuiliza?

Ayi ndithu. Chotsani ma hita onse anayi, mudonthezere oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, musiye usiku wonse. Mawa lake zungulitsani injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo, maulendo awiri athunthu. Ikakana musaikakamize ndi sitata kapena kuikoka ndi thirakitala, chifukwa ngati mu silinda muli madzi mupinda con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafiti. Khuthulani dizilo yense wakale, tsukani thanki, sinthani oyilo ndi mafyuluta, ndipo tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Mwa ine munali chisa cha makoswe chodzaza ndi zitsononkho. Musanabwezere ma hita, zungulitsani ndi sitata kuti oyilo uja atuluke komanso kuti nyali ya oyilo izime. Lamba wa timing (woyendetsa mavavu ndi pampu ya dizilo) yemwe wakhala zaka atauma musamudalire, msintheni musanapite kutali.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndiyambire pati?

Mitengo ya masipeya imasintha mwezi ndi mwezi, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo. Ine ndimati choyamba galimoto izitha kuima: mabuleki, matayala ndi chiwongolero. Chachiwiri isamatenthe: redieta, mapaipi, fani, pampu ya madzi. Chachitatu lamba wa timing ndi zonse zokhudza dizilo. Kenako magetsi, masipuling'i ndi mashoko. Bodi, mipando ndi penti zibwere kumapeto.

Ambiri amayambira kumapetoko. Amagula marimu onyezimira, wailesi ya mabesi ndi magetsi a pamwamba, galimoto n'kumaoneka ngati mkwatibwi, koma mapaipi a mabuleki ali a 1994. Zimandipweteka mtima ndikaona zotere, chifukwa pikapu yakumudzi sinyamula munthu mmodzi. Pa ndalama zomwe mwakonza, patulani gawo limodzi mwa magawo atatu mulibise, poti mukatsegula chinthu chimodzi mumapeza zina ziwiri zakufa.

Ikufuka utsi. Kodi ndiye kuti injini yatha?

Zimatengera mtundu wa utsiwo. Wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya: fyuluta ya mpweya yatseka, ma nozo, timilomo topopera dizilo mu injini, akudontha m'malo mopopera, kapena wina anapotoza sikuluwu ya pampu pofuna mphamvu. Kawirikawiri izi zimakonzeka osatsegula injini. Wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo yemwe akupsa, kudzera m'maring'i kapena m'ma seal a mavavu. Woyera wonunkha dizilo wosapsa m'mawa, womwe umatha injini ikatentha, nthawi zambiri ndi ma hita akufa kapena timing ya pampu yochedwa. Woyera wosatha, madzi akuchepa mu redieta tsiku ndi tsiku, ndiye woopsa: madzi akulowa mu silinda.

Munthu asakuuzeni kuti injini ikufunika ovaholo, kuiphwasula yonse n'kuimanganso, pongoyang'ana utsi. Pemphani ayeze kompuresheni, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Buku la Toyota limati 3L yabwino imafika 32 kg/cm², malire otsikitsitsa ndi 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Manambala anayiwo alembedwe papepala inu mukuona. Yanga inkafuka moti anthu ankati ndiitaye, koma inapereka 28, 27, 28 ndi 26. Vuto linali ma nozo ndi mavavu omwe anali asanayezedwe kwa zaka. Mavavu a 3L amakonzedwa ndi timbale totchedwa ma shim, ndipo mpata wake injini ili yozizira ndi 0.20 mpaka 0.30 mm kolowera mpweya, 0.40 mpaka 0.50 mm kotulukira utsi. Amakaniko ambiri amaidumpha ntchitoyi chifukwa ndi yotopetsa.

Nanga ikapezeka kuti yathadi, ndichite ovaholo kapena ndigule injini ina?

Ovaholo yabwino imaposa injini yakunja yomwe simukudziwa mbiri yake, koma ovaholo yoipa ndi kuwotcha ndalama. Kusintha maring'i okha pansi pa mtengo, buloko osayezedwa, si ovaholo. Buloko, kirankishafiti ndi hedi zipite kwa a injiniyaring'i akaziyeze ndi zida, hedi ayiyese ngati ikutulutsa mpweya pena pake. Injinizi zili ndi timakapu m'hedi momwe dizilo amayambira kupsa, ndipo timakonda kung'aluka; tisinthidwe ngati ming'alu yafika patali.

Pali kanthu kamodzi komwe kamasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza. Gasiketi ya hedi ya 3L ndi 5L imabwera m'makulidwe osiyana, olembedwa B, D ndi F, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza momwe mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Mufunseni makaniko wanu kuti aika chilembo chiti ndipo chifukwa chiyani. Akakuyang'anani modabwa, nyamulani injini yanu. Mabawuti a hedi amamangidwa ndi torque wrench motsata dongosolo, kenako n'kupotozedwa madigiri 90 kawiri. Sizoti munthu akoke ndi paipi mpaka atamva kuti zakwana.

Mukasankha yakunja, 5L imakhala bwino pamalo pa 3L popanda kudula zambiri. Onetsetsani kuti ndi 5L ya pampu wamba, chifukwa 5L-E imafuna kompyuta ndi mawaya ake. Ailize pansi muimve musanalipire.

Imawira ndikamakwera mapiri. Ndichite chiyani?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa injini zambiri za L zomwe ndaziona zitafa sizinafe ndi ukalamba, zinafa ndi kutentha.

Ulendo wanga woyamba wautali unali wochokera ku Nchalo mu Okotobala, nditanyamula matumba 14 a mpunga. Tinayamba kukwera chitunda cha ku Thabwa dzuwa lili paliwombo. Geji ya padashibodi inali pakati monga mwa nthawi zonse. Titadutsa makona angapo ndinamva kafungo kotsekemera ka madzi otentha, ndipo nditayang'ananso, singano inali itathamangira kofiira kamodzin'kamodzi. Ndinaima pambali, mlamu wanga n'kuika miyala kumatayala. Titatsegula boneti, kapaipi kakang'ono ka kuseri kwa injini kanali katang'ambika malo osakwana chala, madzi akutuluka ngati mkodzo wa mwana. Mapaipi akuluakulu awiri ndinali nditasintha, koma kameneka ndinakasiya poti kankaoneka kabwino. Tinadikira ola lathunthu kuti izizire, tinadula pong'ambikapo n'kumanganso, ndipo amayi ena ogulitsa makala anatipatsa ndowa ziwiri za madzi. Hedi inapulumuka chifukwa cha mphuno, osati geji.

Geji ya fakitale imakhala pakati kwa nthawi yaitali kutentha kukukwera, ndipo madzi akatha imatha kunama chifukwa kachipangizo kake kamakhala pouma. Choncho chinthu choyamba chowonjezera pa galimoto yotere chikhale geji ina ya manambala, pamodzi ndi kabelu kolira madzi akatsika. N'zotchipa kuposa tayala limodzi.

Kenako konzani njira yonse ya madzi. Redieta ya zaka 30 imakhala itatseka theka ndi dothi la madzi a pachitsime. Itsegulidwe n'kutsukidwa mpaipi ndi mpaipi, kapena igulidwe ina yokhuthala. Sinthani mapaipi onse, ang'onoang'ono omwe. Chivindikiro cha redieta chikhale chatsopano, chifukwa ndicho chimasunga mphamvu yoletsa madzi kuwira msanga. Fani ya injinizi ili ndi kilatchi ya mafuta a silikoni: injini ikatentha iyenera kugwira n'kumveka kuwomba kwa mphepo. Ngati mutazimitsa injini yotentha faniyo imangozungulira yokha ngati chidole, yatha. Chotchinga cha pulasitiki chozungulira fani chisachotsedwe, ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa mu redieta. Thirani coolant wosakaniza ndi madzi oyera, osati madzi a pamjigo okha.

Kayendetsedwe nakonso. Pa Thabwa, pa Khwekhwelere kapena pa Chiweta, musaumirire giya yaikulu phazi lili pansi injini ikubuula. Tsitsani giya, injini izizungulira momasuka, fani ndi pampu zigwire ntchito. Ikatentha, imani, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha kapena kutsegula chivindikiro pomwepo.

Amakaniko anga akuti tichotse thermostat poti kuno n'kotentha. Ndivomere?

Musavomere. Thermostat ndi kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itatentha mokwanira. Injini yowira ili ndi vuto lina, ndipo kuchotsa thermostat kumangolibisa kwa kanthawi. M'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu injini yopanda thermostat imayenda mtunda wautali ili yozizira, imamwa dizilo wambiri ndipo masilinda amaperepeseka msanga. Gulani yeniyeni, muiviike m'madzi owira muone ikutseguka, ndiye muiike.

Lamba wa timing amasinthidwa liti?

Pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo padashibodi pali kanyali ka T-BELT kokumbutsa. Koma pa galimoto yomwe mwangogula, ya mita yomwe mwina inaima kalekale, msintheni pomwepo. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya mwezi. Sinthani pamodzi ndi timapule take totchedwa tensioner ndi idler, komanso ma seal akutsogolo, chifukwa oyilo akadonthera pa lamba amamuwoletsa. Poti kutsogoloko mwatsegula kale, onaninso pampu ya madzi. Bawuti yaikulu ya pule imangidwe pa mlingo wake. Ikakhwepa imadya kiyi wa kirankishafiti. Lembani tsiku ndi makilomita ndi penti pachivindikiro.

Dizilo wa m'zigubu amaononga chiyani, ndipo ndingaiteteze bwanji pampu?

Mafuta akasowa tonse timakakamizika kugula pomwe apezeka. Vuto ndi loti pampu ya injinizi imadzozedwa ndi dizilo yemweyo amene ikupopa. Akakhala wosakaniza ndi parafini, zitsulo za m'kati zimakhulana zouma. Akakhala ndi madzi, zimachita dzimbiri. Zizindikiro zimabwera mochedwa: kuvuta kulira injini ikatentha, kufooka, kuzima pa ma roboti.

Ine ndinaika fyuluta yachiwiri yokhala ndi kagalasi pansi, pakati pa thanki ndi fyuluta ya fakitale. Madzi amaoneka ndi maso atakhala pansi, ndipo Loweruka lililonse ndimamasula kabawuti n'kuwataya. Ndikagula wa m'chigubu, ndimausiya usiku wonse kuti zinyalala zikhazikike, ndimathira kudzera pa nsalu yoyera, ndipo wotsalira pansi sindithira. Pampu ikayamba kudontha, itengereni kwa anthu a mapampu omwe ali ndi makina oyezera, pamodzi ndi ma nozo onse anayi. Pampu sitsegulidwa pamchenga. Oyilo wa injini, 15W-40 wa dizilo, musinthe pa makilomita 5,000 pamodzi ndi fyuluta yake, ndipo mu nyengo ya fumbi fyuluta ya mpweya muziiona sabata iliyonse.

Ndikufuna mphamvu zowonjezera. Ndiike turbo?

Funso ili amafunsa kwambiri achinyamata, ndipo ndimawamvetsa. Injini yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'masilinda, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndipo Lilongwe ali kale pamtunda woposa mamita 1,000. Ndiye ulesi womwe mumaumva si wongoganizira.

Musanaganize za turbo, bwezerani mahatchi omwe anasochera. Ma nozo abwino, timing yolondola ya pampu, mavavu oyezedwa, fyuluta yoyera, ekizozi yosaphwanyika ndi mabuleki osamatirira musanawaponde zimasintha galimoto modabwitsa. Yanga itakonzedwa zimenezi, chitunda chomwe inkakwera pa giya yachiwiri inayamba kukwera pa yachitatu.

Turbo pa 3L imatheka, ndipo ku Australia ndi ku South Africa ambiri anaika. Koma injiniyi imapanikiza mpweya pa mlingo wa 22.2 kwa 1, wokwera kale, ndipo hedi yake sikonda kutentha. 2L-T ndi 2L-TE, zomwe zinatuluka ku fakitale zili ndi turbo, zimadziwika ndi kung'aluka hedi. Mukalimbikira, injini ikhale yathanzi, njira ya madzi ikhale yatsopano, mpweya wa turbo ukhale wochepa, cha m'ma 7 psi, ndipo muike geji yoyeza kutentha kwa utsi kuti mukaona ikuyandikira madigiri 650 muzichotsa phazi. Chomwe chimapha si turbo payokha koma dizilo wowonjezera yemwe anthu amatsegulira kuti imveke ukali. Ngati galimotoyo muzipatsa dalaivala waganyu, musaike n'komwe.

Ena amaika 1KZ-TE ya malita 3.0, yochokera mu Prado kapena Surf. Mphamvu zimakweradi kufika cha m'ma 125 mpaka 130, koma imafuna kompyuta, mawaya, giya bokosi yake ndi zogwirira zina, ndipo hedi yake ya aluminiyamu ikangotenthedwa kamodzi imatha kung'aluka. Mukatero mwataya chija chinakukopani poyamba, choti aliyense angaikonze. Ine yanga ndinaisiya yopanda turbo.

Ndiwonjezere masamba a masipuling'i kuti izinyamula zambiri?

Tsamba limodzi lowonjezera kumbuyo limathandiza galimoto yotopa kuti isamakhale pansi. Koma masamba sawonjezera mphamvu ya mabuleki, ya matayala kapena ya mabering'i. Pikapu ya kabu imodzi inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo ya makabu awiri ndi wocheperapo. Pa ekiselo yakumbuyo ya Hilux, kulemera konse kumatsamira pa bering'i imodzi mbali iliyonse. Ikaphwanyika, shafiti imatha kusolokoka pamodzi ndi tayala galimoto ikuyenda. Ndinaonapo matola ina itagona m'mbali mwa msewu motero, anthu atamwazikana ndi mitolo yawo, ndipo sindifuna kudzaonanso. Mukaona oyilo m'kati mwa tayala lakumbuyo kapena mukamva kulira kokwera ndi liwiro, sinthani bering'i ndi seal sabata yomweyo.

Mukaikweza galimoto, kumbukirani kavavu ka mabuleki komwe kali pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Kamayeza kulemera kwa katundu potengera kutsika kwa bodi, ndiye mukakweza osakakonza, mabuleki akumbuyo amafooka. Matayala akuluakulu amakongola koma amalemetsa injini yomwe ndi yofooka kale, ndipo amanamiza mita ya liwiro. 205R16C kapena 7.00R16 amakwanira ntchito. Pogula akaunjika werengani manambala anayi a m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe linapangidwa.

Kutsogolo kwa LN106 kukudontha girisi wakuda pafupi ndi matayala. N'chiyani?

Ndi ma seal a m'zigongono za ekiselo. Oyilo wa difu akudutsa n'kusungunula girisi wa ma CV. Gulani seti yonse ya ma seal ndi mabering'i a kingpin, mukonze mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Zimachotsanso kunjenjemera kwa chiwongolero. Ndipo musayende pa tala mutaika 4WD ma habu atatsekedwa, mumapotokola magiya pachabe.

Mabuleki alimba ngati mwala nditasintha olitaneta. Zikugwirizana bwanji?

Injini ya dizilo sipanga yokha mpweya wokoka womwe umafewetsa buleki, choncho pa injini za L kapampu kake kamakhala kumbuyo kwa olitaneta, ndipo kamalandira oyilo kuchokera ku injini. Mukaika olitaneta yopanda kapampuka, kapena kapaipi kake kakang'ambika, phazi limalimba. Kapaipi ka oyilo kopita pamenepo kakaphulika kamatha kukhuthula oyilo yense wa injini, ndiye kasintheni kakayamba kuuma.

Pa mabuleki penipeni, musachite zigamba. Mapaipi a rabara, ma silinda akumbuyo, mafuta onse, zonse zikhale zatsopano. Handibuleki igwire zenizeni, chifukwa mwala si handibuleki.

Za magetsi, makamaka nyali zomwe sizikuwala?

Galimoto yakale imakhala itadutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense atalumikiza waya wake ndi tepi. Chotsani zonse zosadziwika, tsukani polumikizira waya wa nthaka pa injini ndi pa bodi, ndipo pomwe anamanga waya m'malo mwa fyuzi bwezerani fyuzi. Nyali zakutsogolo zimawala bwino mukaziikira ma relay kuti zizilandira magetsi molunjika kuchokera ku batire. Mababu a LED oikidwa m'magalasi akale amamwaza kuwala n'kuthobwa anzanu obwera kutsogolo, pamene m'mbali mwa msewu muli apanjinga ndi oyenda pansi.

Masipeya enieni ndingawadziwe bwanji?

Ku Ndirande, ku Limbe, ku Biwi ndi ku Malangalanga mupeza pafupifupi chilichonse cha Hilux, chatsopano ndi chakale chomwe, koma pa chinthu chimodzi pamakhala mitengo itatu. Makatoni amakoperedwa mosavuta, choncho yang'anani chinthucho: kulemera kwake, kusalala kwa chitsulo, zilembo zodindidwa. Nyamulani chakalecho mukayerekeze. Ine ndinagulapo pampu ya madzi ya katoni yokongola yomwe inayamba kudontha patatha milungu 6, ndipo ntchito yonse inabwerezedwa. Pa lamba wa timing, gasiketi ya hedi, thermostat, mabering'i ndi zamabuleki, gulani zenizeni za Toyota kapena za makampani omwe amapangira Toyota monga Denso, Aisin ndi Koyo. Pa zitseko, magalasi, mipando ndi mabampala, zakale za pagalimoto yophwasulidwa zilibe vuto. Amene muli ndi abale ku Joni, kumbukirani kuti Hilux imapangidwanso ku Durban, kotero masipeya ake kumeneko ndi ambiri; atumizireni nambala ya chesisi, osangoti ya Hilux yakale.

Ndikasintha injini kapena mtundu wa penti, mapepala amatani?

Zomwe zalembedwa mu blue book ziyenera kufanana ndi galimoto. Sungani lisiti ya injini yomwe mwagula yokhala ndi nambala yake, mupite nayo ku Road Traffic akasinthe m'kaundula, chimodzimodzinso mukasintha mtundu. Mukazengereza mudzavutika pa COF, pa inshulansi ndi tsiku lodzagulitsa. Umwini usinthidwe kukhala m'dzina lanu musanayambe kuthiramo ndalama, osati mutamaliza.

Tsopano zonse zatheka. Bodi ndi penti ndichite bwanji?

Dzimbiri silikwiriridwa, limadulidwa. Powola padulidwe mpaka pachitsulo chamoyo, awotcherere chigamba, apake mankhwala oletsa dzimbiri mbali zonse ziwiri. Pansi pa mapazi a dalaivala, m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo ndi momwe mumayambira. Powotcherera chotsani waya wa batire, ndipo pafupi ndi thanki samalani kwambiri. Chesisi chitsukidwe m'kati ndi madzi amphamvu, chiume masiku angapo, kenako mupoperemo mafuta oteteza.

Pansi pa bodi yonyamulira katundu ndi pomwe pamavutika kwambiri, chifukwa feteleza ndi mchere zimadya chitsulo msanga zikanyowa. Ine ndinapakapo penti wokhuthala wakuda n'kuyalapo mphira wa lamba wakale wa pachigayo chachikulu, womwe ndimauchotsa n'kutsuka pansi pake ndikangotsitsa feteleza. Kunja ndinabwezera woyera womwe inabwera nawo, poti woyera sutentha kwambiri padzuwa ndipo ukakalika ndi nthambi sizivuta kupakanso. Wopaka penti ndinamulipira magawo atatu, gawo lomaliza nditaiona galimoto panja masana, ndikuyendetsa dzanja pa chitseko chilichonse.